Database yakana kutseguka magetsi atazima

FUNSO: Ndimasunga zolemba za makasitomala athu mu database ya MySQL (pulogalamu yosungira deta m'matebulo). Magetsi anazima mwadzidzidzi kompyuta ikugwira ntchito, ndipo kuyambira pamenepo MySQL ikukana kuyaka, ikunena kuti tebulo lina lawonongeka. Mnzanga akuti ndingolemba REPAIR TABLE, zonse zibwerera mwakale. Backup yomwe ndili nayo ndi ya sabata yatha. Kodi nditsatire malangizo akewo?

YANKHO: Musafulumire. Musanayese chilichonse, koperani foda yonse imene MySQL imasungiramo deta, kuphatikizapo mafayilo a log, n'kuiika pa disiki ina. Zoyesera zanu zonse muzichitire pa kopelo, chifukwa njira zambiri zokonzera database zimachita kutaya mbali yowonongeka kuti yotsalayo iwerengeke, ndipo zimene zatayidwa sizibweranso.

Malangizo a mnzanuwo sangakuthandizeni. MySQL ili ndi mitundu ingapo ya matebulo, monga MyISAM ndi InnoDB. Lamulo la REPAIR TABLE limagwira pa matebulo a MyISAM ndi mitundu ina yochepa, koma siligwira pa InnoDB, pomwe kuyambira pa MySQL 5.5 matebulo atsopano amakhala a InnoDB pokhapokha mwini wake atasankha mtundu wina. Komanso lamuloli limafuna kuti seva, kutanthauza pulogalamu ya MySQL yeniyeniyo, ikhale itayaka, chomwe yanu ikukana.

Chodetsa nkhawa n'chakuti yanu sikuyaka, pomwe InnoDB imadzikonza yokha magetsi akazima: ikamayaka imawerenga redo log (fayilo imene imalembamo zosintha zaposachedwa), n'kumalizitsa zimene zinatsimikizidwa kale, n'kuchotsa zimene zinatsala panjira. Ngati zimenezi zalephereka, ine ndingakayikire disiki yeniyeniyo, ndipo ndingawerenge kaye fayilo ya error log, momwe seva imalembamo mavuto amene yakumana nawo, kuti ndione pamene seva ikuimira. Kubwezeretsa deta pa disiki yomwe yayamba kufa n'kutunga madzi m'chidebe chobooka.

Njira yodalirika kwambiri ndi backup yanuyo, ngakhale ili ya sabata yatha. Fufuzani ngati muli ndi mafayilo a binary log, omwe amasunga mndandanda wa zosintha zochitika mu database, ndipo mu MySQL 8.0 amalembedwa popanda kuchita kuwayatsa. Ngati alipo, bwezeretsani backup pa seva yatsopano, kenako gwiritsani ntchito mysqlbinlog, pulogalamu yowerengera mafayilowa, kuti mulowetsenso zonse zimene zinasintha kuchokera tsiku la backup mpaka nthawi imene magetsi anazima.

Ngati mafayilowo palibe, lembani innodb_force_recovery=1 mu my.cnf, fayilo youza MySQL mmene igwirire ntchito. Mzerewu umakakamiza InnoDB kuyaka ngakhale pali zowonongeka. Kenako muyatse seva, ndipo ikakana mukweze nambalayo kufika pa 2, kenako 3. Nambalazi zimafika pa 6, koma kuyambira pa 4 zingawononge mafayilo kotheratu, choncho musafike pamenepo mulibe kope lija. Seva ikangoyaka, musapitirize kugwirirapo ntchito ngati kuti yachira. Tulutsani deta yonse ndi pulogalamu ya mysqldump, muilowetse mu database yatsopano, ndipo muyerekeze kuchuluka kwa mizere ya tebulo lililonse ndi zimene zili mu backup kuti mudziwe zimene zasowa. Zosowazo muzilowetsenso pamanja kuchokera pa malisiti ndi mapepala a sabata ino.