Mfuti yoyamba yosakira: ndigule iti?

Funso: Ndimakhala ku Limpopo, South Africa. Ndikufuna mfuti yoyamba yosakira nswala ndi ngoma. Ndisankhe iti?

Yankho: Achimwene, yambani mwapeza competency certificate (chikalata chosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti) kupolisi. Kenako gulani mfuti ya .308 Winchester ya bolt-action (imene mumakoka kachitsulo ndi dzanja kuti mulowetse chipolopolo chilichonse), ndipo mudzaitenga mukapeza laisensi yake kupolisi. Zipolopolo zake sizisowa, ndipo simenya phewa ngati .300 Winchester Magnum, imene imachititsa wophunzira kudzidzimuka n'kuphonya. Pa ngoma sankhani zipolopolo za 165 kapena 180 grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo); mfuti ya .243 imachepa mphamvu pa nyama yaikulu chotere.

Sikopu (galasi loyang'anamo polozetsa mfuti) ya 3-9x40 ndi yokwanira. Musaumire pa mphete zoigwira, chifukwa zikakhwepa mumangophonya osadziwa chifukwa. Diso likhale masentimita 8 kapena 9 kuchokera pa sikopu, apo ayi idzakutemani pachikope. Wongolani sikopuyo kuti chipolopolo chizimenya pamene mwaloza pa mtunda wa mamita 100.