Bwanji kutcheza sikuchotsa madzi onse mu ethanol?

Mnyamata wina wa chaka choyamba ku koleji wanditumizira imelo: "Ethanol amawira pa 78°C, madzi pa 100°C. Nanga bwanji potcheza sitingapeze ethanol wa 100%?"

Ethanol ndi chija choledzeretsa cha mumowa. Achimwene, yankho lagona pa nthunzi. Chamadzimadzi chilichonse chimatulutsa nthunzi ngakhale chisanawire, ndipo kukankha kwa nthunziyo ndiye vapour pressure. Kukankhako kukafanana ndi kwa mpweya wotizungulira, kuwira kumayamba.

Mu 1887 Mfalansa François-Marie Raoult anaonetsa kuti mukasakaniza zinthu ziwiri, chilichonse chimakankha molingana ndi gawo lake la mamolekyu, tizidutswa ting'onoting'ono topanga chinthucho. Chikakhala theka, chimakankha theka la mmene chikanakankhira chili chokha. Msakanizo womvera lamuloli umatchedwa ideal solution. Benzene ndi toluene, zamadzimadzi zopezeka mu petulo, zimayandikirako, chifukwa mamolekyu ake ndi pachibale, sasankha woyandikana naye.

Ethanol ndi madzi si choncho. Madzi amagwirana okhaokha mwamphamvu, ndipo mchira wa molekyu ya ethanol, wokhala ngati mafuta, umawasokoneza. Mamolekyu amathawira m'mwamba mosavuta, kukankha kwa nthunzi n'kupitirira zimene Raoult ananena. Ndiyo positive deviation.

Potcheza, nthunzi imakhala ndi ethanol wambiri kuposa zotsala mumphika. N'chifukwa chake madontho oyamba a kachasu amakhala aukali. Mukatchezanso, ukali umakwera. Koma mukafika pa ethanol pafupifupi 95.6% polemera, kukankha kumafika pachimake, msakanizo n'kumawira pa 78.2°C, pansi pang'ono pa ethanol weniweni amene amawira pa 78.4°C. Apa nthunzi ndi zotsala zimafanana ndendende. Tchezani mpaka nkhuni zithe, mudzangotolera zomwe munathira. Dzina lake ndi azeotrope. Ethanol wosakaniza ndi petulo, ngati amene Malawi anayamba kupanga ku Dwangwa mu 1982, safuna madzi, choncho opanga amachotsa otsalawo ndi njira ina, monga timibulu toyamwa madzi ta molecular sieve.

Acetone ndi chloroform, zamadzimadzi zosungunulira zinthu, mukazisakaniza ndi mbali inayo, negative deviation: zimakondana kuposa mmene chilichonse chimadzikondera, nthunzi imachepa, botolo limafunda.

Chenjerani ndi manotsi oloweza akuti positive deviation nthawi zonse imaziziritsa ndi kufufumitsa msakanizo. Ine lamulo limenelo sindilikhulupirira kwenikweni. Thirani ethanol 50 ml m'madzi 50 ml: zifunda pang'ono, ndipo mupeza pafupifupi 96 ml, osati 100.