Kamzere ka tmux kakungoonetsa timabokosi

Funso: Akulu, ndikalowa pa seva ya Linux ndi PuTTY (pulogalamu yolowera pa seva uli patali) nkutsegula tmux (yotsegulira mawindo angapo mu teminolo imodzi), kamzere kobiriwira kapansi kaja kakumangoonetsa timizere ndi timabokosi m'malo mwa zizindikiro, mitundu nayonso yasokonekera. Kodi ndi vairasi?

Yankho: Ayi achimwene, mtima pansi, si vairasi, kungoti PuTTY ndi seva sizikumvana pa nkhani ya zilembo. Pa seva lembani lamulo loti locale muone mzere wa LANG, ngati sukuthera ndi UTF-8 (njira yolembera zilembo za mitundu yonse pa kompyuta) vuto ndi lomwelo, chifukwa tmux ikaganiza kuti UTF-8 palibe imangoika timizere tapansi pa chilembo chilichonse chachilendo. Yesani tmux -u, zikakhala bwino mwaligwira. Mu PuTTY pitani pa Window, kenako Translation, musankhe UTF-8.

Za mitundu, mu PuTTY momwemo pa Connection kenako Data pamakhala palembedwa xterm, sinthani palembedwe xterm-256color. Timabokosi tikatsalabe ndiye kuti fonti yanu ilibe timivi tokongoletsa kamzereko totchedwa Powerline, ikani Nerd Font (fonti yokhala ndi tizizindikiro timeneti) pa kompyuta yanuyo, osati pa seva, ambiri amalakwitsa pomwepa. Ndipo musaiwale kudina Save pa Session, apo ayi mawa mudzayambiranso.