Mmene mpikisano wa baseball wa masukulu a sekondale umayendera ku Japan

Achimwene, mwafunsa kuti sukulu imafika bwanji ku Koshien, kumene kumachitikira ndime yomaliza ya dziko lonse ya mpikisanowu. Zimayambira m'zigawo cha mu Julaye. Zigawozo zilipo 47, koma Tokyo ndi Hokkaido zimatumiza matimu awiriawiri, ndiye onse amakwana 49. Amenewa amakakumana mu Ogasiti pabwalo la Koshien mumzinda wa Nishinomiya. Mpikisanowu unayamba mu 1915.

Ndi chipulula chenicheni, kuyambira kuchigawo komwe: mukagonja kamodzi, longedzani. Akafanana mphamvu ma inning 9 (magawo a masewerowo) atatha, amaonjezera, koma amayikiratu othamanga pa base yoyamba ndi yachiwiri (malo amene wosewera amadutsapo pothamanga kuti apeze pointi) kuti zithe msanga.

Chimene chimandikhudza ine ndi ogonjawo. Amagwada n'kumatapa dothi la pabwalopo m'timatumba, misozi ili chuchuchu, poti ambiri amakhala ali chaka chomaliza sukulu.