Pulayiwudi ya nsungwi ikung'ambika: vuto ndi thabwalo kapena kagwiridwe?

Bambo ena a ukalipentala ku Ndirande anditumizira imelo. Kasitomala wawabweretsera mashiti atatu a pulayiwudi ya nsungwi ochokera ku Joni, akufuna kabati ya kukhitchini ndi shelefu ya mabuku. Shiti loyamba lathetheka m'mbali podula, kenako lang'ambika pomanga sikuluu. Tsono akufunsa ngati thabwali ndi lachabechabe, ndipo ngati angouza kasitomalayo kuti agule MDF, thabwa la ufa wa mitengo woumbidwa ndi guluu, poti nayonso amati ndi yosamala chilengedwe.

Bambo, thabwalo lilibe mlandu, ndipo za sikuluuyo tifikako. Koma mawu akuti "yosamala chilengedwe" amandiwawa, chifukwa ogulitsa amangowamata pa chilichonse.

Yambani mwadziwa chimene mwagwiracho. Pafupifupi pulayiwudi yonse ya nsungwi imapangidwa ku China, ku zigawo ngati Zhejiang ndi Fujian, kuchokera ku nsungwi yotchedwa Moso. Imadulidwa ikakwana zaka ngati 5, ndipo chitsa sichifa, zina zimaphukanso pomwepo. Yerekezani ndi mlombwa kapena mbawa, mitengo yoti wobzala sadzaidula yekha, kapena mkungudza wa ku Mulanje womwe tautha ndi manja athu. Apo nsungwi yapambana, palibe mtsutso. Ku fakitale amaing'amba timizeremizere, kuiphika, kuiumitsa, n'kumata timizereto ndi guluu. Shiti la mamilimita 19 kapena 20 nthawi zambiri limakhala la magawo atatu, lapakati litapingasa. Kukula kwake ndi mamilimita 1220 kwa 2440, kulemera pafupifupi makilogalamu 40. Lofiirira ngati tiyi silinapakidwe utoto ayi, analifukiza ndi nthunzi yotentha mpaka shuga wa m'nsungwimo anapsa, ndipo limafewerako pang'ono kusiyana ndi loyera.

Kuphikako n'kofunika. Aliyense amene anaonapo lichero kapena dengu likutulutsa ufa wachikasu amadziwa kufumbwa. Tizilombo timatsata chakudya chomwe chili m'kati mwa nsungwi. N'chifukwa chake oluka odziwa ntchito amadula nsungwi yokhwima m'chilimwe n'kuinyika m'madzi kwa milungu ingapo. Nzeru ndi yomweyo. Ndipo zimandipweteka kuti nsungwi ili mbwee m'mphepete mwa mitsinje yathu, ife n'kumagula yomwe yawoloka nyanja, yatsika pa doko, yakwera lole mpaka ku Blantyre. Mafuta onsewo muwawerengere musanauze kasitomala kuti wapulumutsa dziko. Paini wa ku Chikangawa, wobzalidwa ndi anthu ndipo woyenda mtunda waufupi, si wonyozeka pa mpikisano umenewu.

Nanga MDF? Ndi ufa wa mitengo woumbidwa ndi guluu. Ubwino wake imagwiritsa ntchito zotsalira, ndi yosalala, imalandira penti bwino. Koma guluu wake nthawi zambiri amakhala wa urea-formaldehyde, ndipo formaldehyde ali m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Pa shiti lililonse, la nsungwi lomwe, funani chizindikiro cha E1 kapena E0, chosonyeza kuti mpweya umenewu ukutuluka wochepa. Chachiwiri, MDF ndi madzi sizionana. Pansi pa sinki, kapena pomwe amayi amakolopa m'mawa uliwonse, imafufuma ngati buledi wonyikidwa mu tiyi, ndipo ikafufuma sibwerera. Kabati yotayidwa pakatha zaka zitatu siinasamale chilengedwe chilichonse. Kukhitchini MDF wamba ndimaikana, ndipo sindisintha maganizo. Kuchipinda chogona, pa zitseko za wadirobu zopaka penti, ikani ndithu.

Podula

Musadule tsiku lomwe mashiti afika. Agonekeni mosalala pa timatabwa tinayi tofanana msinkhu, m'chipinda chouma, masiku atatu mpaka sabata, kuti azolowere chinyezi cha kwanuko. Kuwatsamiritsa pakhoma ndiko kumawapinda.

Nsungwi ili ndi silika, timchenga tosaoneka tomwe timabunthitsa chitsulo msanga, ndipo ulusi wake ndi wautali, umakonda kunyotsoka m'malo moduka. Apa ndiye pachokera kuthetheka kwanu. Sowo ya mano 24 yong'ambira paini iikeni pambali. Mukufunika ya mano a chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa carbide, mano 60 mpaka 80 ngati ndi ya mamilimita 250, yakuthwa. Pa makina a patebulo nkhope yabwino iyang'ane kumwamba, pa sowo yamagetsi yogwira m'manja iyang'ane pansi, chifukwa mbali imene mano akutulukira ndi imene imathetheka. Matani tepi ya pepala pa mzere, lembani mzerewo pa tepipo, dutsitsani mpeni wakuthwa kawiri motsata rula, kenako dulani mosathamanga. Mukachedwetsanso kwambiri m'mbali mumapsa, mudzamva fungo ngati la chimanga chootcha. Pakamwa ndi pamphuno muvale chotchinga fumbi.

Misomali iwalani. Sikuluu iliyonse iboolereni kaye. Ya mamilimita 4 imafuna bowo la mamilimita 3 m'thabwa lolandira, bowo la 4 m'thabwa lapamwamba, ndi kachibowo kokhalamo mutu. Mutu wa sikuluu ukamadzikumbira wokha malo umagwira ntchito ngati chitsulo chong'ambira nkhuni, n'kung'amba motsata guluu. Pankhope khalani mamilimita 20 kuchoka m'mphepete. Pomanga m'mbali mwa shiti, bowo likhale pakati penipeni ndipo litalikire ngodya ndi mamilimita 50. Kuzungulira komaliza mangani ndi dzanja, osati makina.

Komabe cholumikizira chabwino si sikuluu. Ndi madawelo, timitengo tozungulira tolowetsa m'mabowo, a mamilimita 8, otalikirana mamilimita 150, pamodzi ndi guluu woyera wa matabwa wolembedwa D3, wopirira chinyezi. Panani ndi makalampu kwa ola limodzi, katundu musamusenzetse mpaka mawa lake. Guluu wotuluka mudikire alimbe pang'ono n'kumupala ndi tchizulo, chifukwa mukamupukuta ndi chonyowa amalowa m'thabwa, vanishi n'kudzaonetsa mawanga.

Mashelefu muwadule motsata utali wa shiti, kuti mizere ya pamwamba iyende kuchoka kumanzere kupita kumanja. Mukapingasa adzawerama. Pa mabuku, mpata usapitirire mamilimita 800 popanda chochirikiza pakati.

Mashiti atatu sakwanira kabati ndi shelefu zonse, ndipo palibe chifukwa chobisira thabwa lodula chonchi kukhoma. Thupi la kabati pangani ndi bulokubodi ya paini, thabwa la timatabwa tomatidwa pamodzi n'kukutidwa mbali zonse ziwiri, kumbuyo pulayiwudi wamba ya mamilimita 6, nsungwiyo ipite pa zitseko, pamwamba ndi mashelefu. M'mbali mwake musamatemo kanthu, timizere timeneto ndi tomwe kasitomala walipira. Kwechani ndi sandipepa 120 kenako 180, motsata mizere. Vanishi mupake katatu, mbali zonse ziwiri mofanana ndi m'mbali momwe, makamaka pomwe mwaboola sinki, chifukwa chitseko chopakidwa kumodzi chimapindika dzinja likafika. Kabatiyo ikhale pa miyendo ya mamilimita 100, kuti madzi okolopa asaifike komanso chiswe chikayamba kumanga njira muchione msanga.

Shiti lang'ambikalo musataye. Dontheza­nimo guluu mu mng'aluwo, panani usiku wonse, dulanimo mashelefu am'kati. Zidutswa zotsala muyeserepo sowo ndi mabowo musanakhudze shiti lachiwiri.