Funsani Tiyankhe: Wosewera hockey akayamba kusintha khalidwe

Makalata a mwezi uno achokera kwa anzathu a m'makalabu a hockey ku Johannesburg. Mayina tawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Ndimaphunzitsa timu ya anyamata, ambiri ndi Amalawi ogwira maganyu. Timakumana Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo. Mnyamata wina yemwe ankafika woyamba pabwalo ntchito inamuthera mu Meyi. Pano amajomba, waonda, ndipo akabwera amangoti phee pa benchi. Sabata yatha anapatsa mnzake ndodo yake n'kunena kuti "sindidzaifunanso, bola kungofa." Anzake akuti n'zocheza. Ndichite chiyani?
Mphunzitsi, Rosettenville

YANKHO: Aphunzitsi, zimenezo si zocheza, ndipo musadikire Lachiwiri. Mupezeni lero lomwe. Kutha kwa ntchito, kuonda, kuleka zomwe ankazikonda, kugawa katundu wake ndi mawu a imfa, zikakumana mwa munthu mmodzi ndiye kuti moyo wake uli pachiswe. Achipatala amaganizira matenda ovutika maganizo ngati munthu watha masabata 2 kapena kuposa ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, osasangalala ndi kanthu, tulo ndi chilakolako cha chakudya zitasokonekera. Mnyamata wanuyu wadutsa kale pamenepo.

Musamuitanire pakati pa bwalo anzake akuona. Pitani komwe amagona, kapena muperekezeni ku renki ya matakisi, chifukwa anyamata ambiri amamasuka akamayenda kusiyana ndi kuyang'anizana maso ndi maso. Yambani ndi zomwe mwaona: "Achimwene, masiku ano sukubwera, waonda, ndodo wapereka. Chikuchitika n'chiyani?" Mukatero khalani chete, ayankhule ndi iyeyo. Kenako mufunseni mosapita m'mbali: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funsoli limupatsa nzeru yoipa. Silimupatsa. Maganizowo ngati alipo analipo kale, ndipo kufunsidwa kumamupeputsa.

Akavomera, pali mafunso ena atatu: wakonza kale njira ndi tsiku? Zomwe akufuna kugwiritsa ntchito ali nazo pafupi? Anayesapo m'mbuyomu? Limodzi lokha akayankha kuti inde, musamusiye yekha ngakhale kwa ola limodzi. Chotsani m'chipinda mankhwala a makoswe, mapiritsi osungidwa ndi mowa. Imbani limodzi nambala ya SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo ku South Africa, ya 0800 567 567, ndi yaulere ndipo imayankhidwa usana ndi usiku, kapena mutengereni ku casualty, gawo la chipatala lolandira odwala mwadzidzidzi. Kwanu kuno South Rand Hospital ili pomwepo ku Rosettenville. Helen Joseph, Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath nazonso zimalandira otere. Musathamangire ku Tara kapena ku Sterkfontein, zipatala za matenda a m'maganizo, poti kumeneko munthu amapita ndi kalata yochokera kuchipatala china. Ngati wamwa kale kanthu, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177. Musamumwetse mkaka kapena madzi a mchere kuti asanze, ndipo botolo kapena pepala la chomwe wamwacho mupite nalo.

Akakana kupita koma mukuona kuti adzipweteka, lamulo la Mental Health Care Act la 2002 limalola wachibale kapena mnzake wapafupi yemwe wamuona m'masiku 7 apitawo kulemba fomu yopempha kuti athandizidwe. Ogwira ntchito zachipatala awiri amamuyeza, ndipo akagwirizana amamusunga maola 72 akumuonetsetsa. Za mapepala okhalira m'dziko muno tikudziwa kuti ndi zomwe zimabweza ambiri pageti. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe thandizo lamwadzidzidzi, ndipo kufuna kudzipha ndi vuto lamwadzidzidzi. Musanafike kwa namwino lembani papepala tsiku lomwe zinayamba, mmene akugonera, mmene akudyera ndi mawu enieni omwe ananena, popeza pamzere wautali munthu amangoti "mutu ukundipweteka" n'kubwerako ndi Panado basi.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa. Nkhaniyi isalowe pagulu la WhatsApp la timu, ngakhale mwa njira yopempha mapemphero, chifukwa mawa lake ifika kumudzi kwawo. Musamulonjeze kuti simuuza aliyense. Muuzeni kuti muuza okhawo omwe angathandize, ndipo asankhe yekha m'bale mmodzi, kaya malume kaya mlongo wake. Kumbukirani kuti mbali ina ya katundu amene wamulemerayo ndi foni zochokera kumudzi zofunsa za fizi ndi feteleza, ndiye kuimbira makolo ake iye osadziwa kungamuwonjezere manyazi. Mawu akuti "limba mtima, ndiwe mwamuna" amatseka pakamwa. Kumutengera ku mowa kuti aiwale n'koopsa kwambiri: mowa umachotsa mantha omwe amamuletsa kuchita zomwe akuganizazo. Abusa kapena a shehe abwere ndithu ngati iye akufuna, koma kuchipatala apitebe.

Akatuluka, masabata oyambirira ndi ovuta kuposa mmene anthu amaganizira. Pezani anthu atatu osinthana kumuyendera, ntchitoyi musaisenze nokha. Ndalama ya umembala muyambe mwamukhululukira, mnzake wina azimudutsira popita ku zokonzekera, ndipo ndodo ija ibwerere kwa mwini wake. Ngakhale asasewere, azibwera kudzaika makoni.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 ndi goloboyi. Chigonjereni pa shoot-out (kulimbana kwa womenya mmodzi ndi goloboyi kuti papezeke wopambana matimu akalepherana) mwezi wathawu, tsiku la masewero amasanza, mtima umagunda kwambiri, amati akubanika. Bambo ake akuti angosiya hockey. Kodi n'zoona?
Mayi, Cosmo City

YANKHO: Mayi, poyamba mupite naye ku kiliniki akamumvetsere m'chifuwa ndi kumuyeza magazi. Ligi ya hockey kuno imaseweredwa m'nyengo yozizira, mpweya wa Johannesburg umakhala wouma, ndipo mphumu yobwera pothamanga imafanana ndi mantha. Kusiyana kwake: mphumu imabwera ndi chifuwa ndi kulira kwa m'chifuwa akathamanga kapena atangomaliza, pamene mantha amayamba asanagwire n'komwe ndodo, manja n'kumachita dzanzi. Kuchepa kwa magazi mwa atsikana kumathamangitsanso mtima, chimodzimodzi zakumwa zopatsa mphamvu zija ana amagula pa spaza, timashopu ta m'makomo.

Zimenezi zikapezeka kuti zili bwino, ndiye kuti ndi mantha adzidzidzi. Amakula msanga, amafika pachimake pa mphindi ngati 10, kenako amatsika okha. Akamugwira, m'vuleni chipewa, akhale pansi, apume ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, atulutse mpweya pang'onopang'ono akuwerenga mpaka 6, kwa mphindi 2 kapena 3. Chofunika ndi kutulutsako, popeza kupuma mothamanga ndi komwe kumabweretsa chizungulire ndi dzanzi. Azichita zimenezi kunyumba tsiku lililonse ali bwinobwino; wophunzira kupuma pa tsiku la masewero wachedwa.

Sitikugwirizana ndi bambo akewo. Mantha otere akathawidwa amakula, ndipo mawa adzasamukira ku mayeso a kusukulu. Abwerere pang'onopang'ono. Pa shoot-out womenya amayambira pa mzere wa mamita 23 ndipo ali ndi masekondi 8 okha, ndiye mphunzitsi angathe kuyeseza zimenezi mosavuta: sabata yoyamba iye ndi wosewera mmodzi, yachiwiri timu yonse ikuonerera, kenako agwire kota imodzi ya mphindi 15 pa masewero opepuka, n'kumawonjezera. Mphunzitsiyo auzenso timu poyera kuti shoot-out imakhala ndi omenya 5, choncho kugonja si kwa goloboyi yekha.

Inuyo mbali yanu ili mu takisi pobwerera. Musayambe ndi "zigoli zija zinalowa bwanji?" M'patseni chakudya, nkhani ya masewero ayambitse yekha. Aziona tulo maola 8 mpaka 10. Tsiku lina mukuphika limodzi mufunseni ngati pali amene akumunyoza pa foni, kapena wamkulu wina amene akumuchita zosayenera. Nthawi zina mwana amaopa munthu, osati mpira. Childline, bungwe lothandiza ana, imayankha pa 116, ndipo aliyense wodziwa kuti mwana wachitidwa nkhanza zogonana lamulo limamukakamiza kukanena kupolisi. Pakatha mwezi osasintha, kapena akayamba kukana sukulu, pemphani ku kiliniki kuti aonane ndi katswiri wa zamaganizo. Uphungu wotchedwa CBT, wophunzitsa munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, ndi womwe umathandiza kwambiri pa vuto limeneli.

FUNSO: Amuna anga anamenyedwa ndi mpira pamutu pa penalty corner (mpira wachilango woyambira pambali pa golo) masabata atatu apitawo. Sanakomoke, anamaliza masewero. Chichokereni apo sachedwa kupsa mtima, sagona, amaiwala zinthu, dzana analira popanda chifukwa. Kwawo akuti ndawadyetsa. Loweruka akufuna kusewera.
Mayi wodandaula, Diepsloot

YANKHO: Simunawadyetse kanthu, mayi. Mpira wa hockey ndi wolimba, umalemera pafupifupi magalamu 160, ndipo pa penalty corner umabwera mwamphamvu zedi. Lamulo la hockey limati mpira womenyedwa koyamba usadutse mzere wa golo pamwamba kuposa thabwa la mamilimita 460, koma wa drag flick, woponyedwa moukoka ndi ndodo osaumenya, umaloledwa kukwera, n'chifukwa chake otchinga amavala zotchinga kumaso. Zomwe mukufotokozazi ndi zizindikiro za kugwedezeka kwa ubongo. Ambiri amene zawachitikira sakomoka, ndipo ukali, misozi, kusowa tulo ndi kuiwala zili m'gulu lomwelo ndi mutu ndi chizungulire.

Loweruka asasewere. Kumenyedwanso ubongo usanachire kumatalikitsa matendawa ndipo nthawi zina kumavulaza koopsa. Akuluakulu ambiri amachira m'masabata ngati 2, ndiye pa masabata atatu ayenera kuonana ndi dokotala sabata ino, ndipo inu mupite nawo, popeza ndinu amene mukuona kusinthako. Mutu ukamakulirakulira, akamasanza mobwereza, akamaona zinthu ziwiriziwiri, akamawodzera mosadzutsika, dzanja kapena mwendo ukafooka, kapena akagwa khunyu, pitani ku casualty nthawi yomweyo. Sikani ikaonetsa kuti zonse zili bwino musaganize kuti akunama. Kugwedezeka kwa ubongo sikuoneka pa sikani wamba.

Kubwerera pabwalo kuli ndi masitepe, ndipo sitepe iliyonse imatenga maola osachepera 24: kuyenda ndawala, kuthamanga pang'ono, kuyendetsa mpira ali okha, zokonzekera zopanda kugundana, zokonzekera zonse dokotala atavomereza, kenako masewero. Zizindikiro zikakula, aime n'kuyambiranso sitepe yomweyo mawa lake. Kudzitsekera m'chipinda cha mdima masabata onsewa sikuthandiza, kupuma kwenikweni ndi kwa tsiku limodzi kapena awiri oyamba okha. Mowa ayi. Ngati ntchito yawo ndi ya pamakwerero kapena yoyendetsa galimoto, auze dokotala. Ndipo ukaliwo ukafika pokwezera dzanja inu kapena ana, kuvulala si chifukwa chopirira. Chokani kaye pamalopo mupeze thandizo. Achibalewo atumizireni mawu a dokotala, mwina kudzera mwa ankhoswe, kuti nkhani yodyetsayi ithe msanga.

FUNSO: Kalabu yathu ilibe ndalama zolembera mlangizi. Tingayambire pati?
Mlembi wa kalabu, Randburg

YANKHO: Sankhani anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, osakhala amene amasankha timu, chifukwa palibe wosewera angaulule vuto kwa munthu amene angamukhazike pa benchi. Nambala za SADAG, Childline ndi 112 zilembedwe pa khadi n'kuikidwa m'bokosi la first aid. Wojomba kawiri motsatizana aimbiridwe foni yomufunsa mmene alili, osati ya chindapusa. Wovulala azibwerabe kudzasunga nthawi kapena kulemba zigoli. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chosinthira. Samalani kwambiri ligi ikatha, poti anthu amabalalika. Pa 10 Okutobala, tsiku lokumbukira thanzi la m'maganizo padziko lonse, ndi mpata wabwino woitanira onse ku masewero ocheza.

FUNSO: Ku kiliniki andipatsa fluoxetine, mankhwala a matenda ovutika maganizo. Anzanga a m'timu akuti andifooketsa, ndipo ndikapita ku mpikisano wa chigawo andigwira kuti ndamwa zoletsedwa.
Wosewera pakati, Tembisa

YANKHO: Achemwali, fluoxetine sali pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa WADA, bungwe la padziko lonse loletsa mankhwala opatsa mphamvu pamasewero, womwe bungwe la SAIDS loyeza osewera limatsata kuno. Chamba ndiye choletsedwa pa mpikisano, ndipo chimakulitsa nkhawa mwa ambiri. Mukadzayezedwa, ingolembani pa fomu mankhwala onse omwe mukumwa.

Sabata yoyamba kapena iwiri mutha kumva nseru, mutu kapena kusowa tulo, n'chifukwa chake ambiri amauzidwa kumwa m'mawa atadya. Phindu limayamba kuoneka pakati pa masabata 2 ndi 4, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasiyira, ati sakugwira. Ena amasiya atangopeza bwino, matenda n'kubwerera; nthawi zambiri amamwedwa miyezi ina 6 munthu atachira, ndipo posiya muzigwirizana ndi adokotala. Ngati simunakwane zaka 25, dziwani kuti masabata oyambirira ena amabalalika mtima kapena kuganiza zodzipha. Zikatero bwererani ku kiliniki tsiku lomwelo. Pabwalo pitirizani, kuthamanga kumathandizana ndi mankhwalawa. Mukamapita kumudzi mu Disembala, pemphani kalata ndi mankhwala okwanira ulendo wonse, muwanyamule m'paketi yake yolembedwa dzina lanu. Akakutherani muli konko, pitani ndi kalatayo kuchipatala cha boma, ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe.