Funsani Malume: Adayenda ndi maliro a mnzake, mwana wake osamutchula

Malume,
Ndine mphunzitsi kuno ku Chikwawa, ndipo ndidakulira kumbuyo kwa ng'ombe za agogo anga. Mwezi wathawu mnzanga adandibwereka buku la Larry McMurtry lotchedwa Lonesome Dove, la anthu oyendetsa ng'ombe kuchoka ku Texas mpaka ku Montana. Ndalimaliza koma mtima sukukhala pansi. Call uja adatha kunyamula thupi la mnzake Gus ulendo wa miyezi kuti akaliike kwawo, koma adalephera kuuza mnyamata Newt mawu awiri okha akuti "mwana wanga". Kukhulupirika kwake n'kumeneku? Nanga maulendo a ng'ombe oterewa ankachitikadi?
*Mphunzitsi, Chikwawa*

Mphwanga,
Ndiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi lofewa. Ankachitikadi. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ku Texas kudadzaza ng'ombe zanyanga zitalizitali, zambiri zongodziyendera m'thengo poti eni ake adali kunkhondo. Kumeneko ng'ombe imodzi inkapita pa madola ngati 4, pamene m'mizinda ya kumpoto ndi kum'mawa inkafika madola 40. Chovuta chidali njanji: yopita kumisika imeneyo idali isadafike ku Texas. Ndiye mu 1867 wamalonda wina, Joseph McCoy, adamanga makola akuluakulu pa Abilene m'chigawo cha Kansas, pamene njanji idali itangofika, n'kutumiza mawu ku Texas kuti bwerani nazo kuno. Chaka chomwecho ng'ombe pafupifupi 35,000 zidakwera sitima pa Abilene. Mu 1871 zimene zidalowa m'Kansas zidaposa theka la miliyoni, zambiri zitadzera njira yotchedwa Chisholm Trail.

Inu amene mudadyetsapo ng'ombe mumva bwino apa. Gulu limodzi linkakhala la ng'ombe 2,500 kapena 3,000, koma oziyendetsa anthu 10 kapena 12 basi, pamahatchi, ndi wophika mmodzi woyenda ndi ngolo ya ufa, nyemba ndi khofi. Patsiku ankayenda makilomita 15 kapena 25. Kuthamangitsa kuposa pamenepo ng'ombe zinkafika pamsika zili nthiti zokhazokha. Usiku ankasinthana kulondera, akuzungulira gululo n'kumaliimbira nyimbo motsitsa mawu, chifukwa chiphaliwali chimodzi chokha chinkatha kudzidzimutsa ng'ombe zonse n'kuyamba liwiro mumdima, ndipo wogwa pahatchi pamenepo ankapondedwa. Ena ankamira powoloka mitsinje. Malipiro ake dola imodzi patsiku, kapena kuposerapo pang'ono. Ine pano ndinkalira misozi ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi zokha za malume anga ku Ntcheu zikalowa m'dimba la eni.

Ntchito yonseyi idakhala zaka ngati 20 zokha. Waya waminga, amene Joseph Glidden adalembetsa kuboma mu 1874, adayamba kutseka njira. Njanji idafika ku Texas komweko. Komanso ng'ombe za ku Texas zinkabwera ndi nkhupakupa zopatsira matenda amene zokhazo sizinkafa nawo koma ankapululutsa ng'ombe za alimi a ku Kansas, mpaka mu 1885 boma la Kansas lidatseka malire ake.

Ngakhale za malirozo si zongopeka. Mu 1866 amuna awiri, Charles Goodnight ndi Oliver Loving, adatsegula njira yopita ndi ng'ombe ku Fort Sumner, ku New Mexico. Chaka chotsatira Loving adavulazidwa pankhondo ndi Akomanche, mtundu wina wa eni nthaka a ku America, m'mbali mwa mtsinje wa Pecos, bala lidawola, ndipo adamwalira pa Fort Sumner. Asadatsirizike adapempha kuti asamusiye m'dziko la eni. Goodnight adasunga mawuwo: thupi lidafukulidwa, n'kuyenda pangolo makilomita mazanamazana mpaka ku Weatherford, ku Texas. Adapitirizanso kupereka gawo la phindu kubanja la malemuyo. McMurtry, m'buku lake la 1985 lija, adangoutalikitsa ulendowo, kuchoka ku Montana, mtunda woposa kuyenda kawiri kuchoka ku Nsanje kufika ku Chitipa.

Tsopano funso lanu lenileni. Ine bukuli ndidaligula pakhonde la sitolo ku Limbe, chikuto chitathothoka, ndipo nditafika pamene Call akutsanzikana ndi Newt ndidaliponya pampando n'kutuluka panja. Munthu akupereka hatchi yake yokondedwa, mfuti, wotchi ya bambo ake, n'kumusiyira mnyamatayo udindo woyang'anira ng'ombe zonse. Chilichonse wapereka. Dzina lokha lamukanika pakhosi.

Muyambe mwaona kuti anthu a m'maulendowa ambiri adali anyamata osakwatira, opanda mudzi wobwererako. N'chifukwa chake m'mabuku ameneŵa ubale sumayamba ndi magazi. Umayamba ndi amene wadya naye mbale imodzi pamoto, amene wakuvuula mumtsinje, amene wakulondererako usiku iwe utatopa. Gus ndi Call si pachibale, ndipo amakangana tsamba ndi tsamba, koma zaka zambiri zomenya nkhondo limodzi zidawasandutsa ngati ana a bere limodzi. Mpaka apa ndilibe nazo vuto.

Koma kumbukirani Jake Spoon. Adali mnzawo wakalekale, ndipo atamupeza ali m'gulu la akuba mahatchi amene adaphanso anthu, adamupachika pamtengo ndi manja awo. Pamenepo m'pamene mungamudziwe Call. Iye sakhulupirika kwa munthu. Amakhulupirika ku lamulo ndi ku mawu amene watulutsa pakamwa. Lamulo likati mnzako apachikidwe, apachikidwa. Akalonjeza kuti thupi lifika ku Texas, lifika, ngakhale ngolo ithyoke panjira. Ndipo lonjezo kwa womwalira ndi lopepuka kusunga kuposa mmene limaonekera. Limafuna miyendo ndi kupirira basi, zinthu zimene Call ali nazo zambiri. Mtembo sufunsa kuti mudali kuti zaka zonsezi. Newt akadafunsa. Kumutchula mwana kukadatanthauza kuvomera pamaso pa anyamata ake onse kuti iye, kapitawo wosalakwa uja, ankalowa m'chipinda cha Maggie, mkazi woyendayenda amene adabereka Newt, ndipo mayiyo adafa akudikira kuti amuvomere. Munthu wosaopa muvi adaopa manyazi.

Wolemba naye sakumuikira kumbuyo. Adaika m'bukumo mayi wina, Clara, wa ku Nebraska, amene akumukalipira Call pamaso kuti akutaya nthawi ndi wakufa pamene wamoyo wamusiya wopanda dzina. Ine ndili mbali ya Clara.

Chimene chimatipweteka kwambiri ife owerenga a kuno, ndikuganiza, n'chakuti kwathu mwana wapathengo sakhala wopanda kwawo. Bambo akathawa, mbumba ilipo, malume alipo, ndipo mwanayo akula akudziwa manda a makolo ake. Newt adalibe zonsezo. Mayi adamwalira, malume palibe, mudzi palibe. Chokhacho chimene chikadamuimika pakati pa anthu ndi chiwongo cha bambo, ndipo bamboyo ankadya naye pamoto umodzi tsiku ndi tsiku.

Komabe tisamuloze chala kwambiri ngati za kutali. Za kunyamula malirozo ife sitingadabwe nazo, ife amene timasonkherana ndalama kuti thupi la m'bale lichoke ku Johannesburg lidzagone kumudzi. Ndipo ndani mwa ife sadakhalepo pamaliro a bambo wolemekezeka, n'kuona ana aŵiri atatu ataima chapatali, nkhope ngati malemu yemweyo, abale akunong'onezana kuti aŵa ndiye ayani?

Malume,
Bambo anga adatisiya chaka chatha, ndipo m'katundu wawo tapezamo katoni ya mabuku a Louis L'Amour. Ndikufuna ndiwerengeko powakumbukira. Ndiyambire pati? Chonde lisakhale lomvetsa chisoni.
*Mayi wa ana atatu, Mzuzu*

Mayi,
Pepani ndi zovutazo. Fufuzani m'katonimo mabuku a banja la Sackett; alipo 17, ndipo bambo anu ngati ankamukonda L'Amour sangalephere kukhala nawo angapo. Yambani ndi The Daybreakers, la 1960. Ndi nkhani ya anyamata aŵiri apachibale, Tyrel ndi Orrin, ochokera m'mapiri a ku Tennessee. Wamng'ono wapha munthu poteteza mkulu wake, ndiye athawira kumadzulo n'kulowa ganyu yoyendetsa ng'ombe, maganizo awo onse ali pomangira mayi awo nyumba kuti adzawatenge. Mukamaliza limenelo pezani The Sackett Brand, la 1965. Mmenemo Sackett mmodzi wazingidwa ndi adani ku Arizona mkazi wake ataphedwa, ndipo mbiri itangomveka, aliyense wa chiwongo chimenecho akusiya ntchito n'kukwera hatchi, ngakhale amene sadamuonepo nkhope. Chisoni chilimo pang'ono poyambirira, koma mudzatseka bukulo mtima uli m'malo.

L'Amour ndi mnzake wa McMurtry motembenuza. Kwa iye magazi ndiwo zonse, ndipo m'bale sakhumudwitsa m'bale mpaka kalekale. Ndi nzimbe: imatsekemera, ngakhale siikhutitsa. Ine ndimawerengabe ndikatopa.

Mukadzafuna filimu, onerani Red River ya 1948. John Wayne ndi mwini ng'ombe wouma mtima, ndipo mnyamata amene adamutola ali wamasiye n'kumulera amulanda gulu lonse panjira, ataona kuti bamboyo wayamba nkhanza mpaka kufuna kupachika antchito ake. Mwanayo apita nazo ku Abilene, n'kusunga ndalama m'dzina la bambo yemweyo amene akumulondola kuti amuphe.

Malume,
Agogo anga amene ankagwira ntchito m'migodi ya ku Kitwe amati mafilimu a makawuboyi ankawaonera kukomboni, ndipo onse okwera mahatchi adali azungu. Kodi munthu wakuda kudalibe pantchito imeneyi?
*Wophunzira wa Fomu 3, Lilongwe*

Mphwanga,
Agogo ako sakunama za mafilimuwo, koma mafilimuwo ndiwo ankanama. Luso lenileni la ntchitoyi, kuponya chingwe, chishalo chake, zovala zachikopa zoteteza miyendo kuminga, lidachokera kwa abusa a ku Mexico otchedwa vaquero, ndipo ambiri a iwo adaliponso m'maulendowa. Anthu akuda adalinso ochuluka, makamaka amene adangomasulidwa kumene ku ukapolo mu 1865 ndipo ankadziwa kale ng'ombe ndi mahatchi.

Sunga dzina ili: Bose Ikard. Adabadwira mu ukapolo ku Mississippi, ndipo atamasuka adayenda ndi Goodnight ndi Loving aja ndatchula pamwambapa. Goodnight ankamukhulupirira kotero kuti ndalama zogulitsira ng'ombe ankasungitsa iyeyo panjira. Ukadzawerenga Lonesome Dove udzakumana ndi munthu wotchedwa Deets, amene pa kanema wa 1989 adaseweredwa ndi Danny Glover. Ameneyo ndi chithunzi cha Ikard. Ikard atamwalira mu 1929, Goodnight, ali nkhalamba ya zaka zoposa 90, adalipira mwala wa pamanda ake n'kulembapo kuti munthuyu sadazembepo ntchito m'zaka zinayi zimene adayenda limodzi. Mwalawo uli ku Weatherford, m'manda omwewo amene mudagona Loving.